Tambala wakuda amene ndinaluza pa 41 peresenti

Usiku umene anthu anayamba kutumizirana manambala a kafukufuku wachiwiri wa za chisankho cha pulezidenti wochokera ku IPOR, bungwe lofufuza maganizo a anthu, ine ndinali pa filing'i siteshoni ina cha ku Area 25, nditanyamula kontena ya nsima ndi usipa. Bambo a kunyumba amayendetsa Sienta, ndipo limenelo linali tsiku lachiwiri galimoto ili pamzere wa petulo. Amene munali ku Lilongwe miyezi imeneyo ya 2025 moyo wake mukuudziwa. Munthu amagona m'galimoto atagwetsa mpando, kudikira thanki ya mafuta imene aliyense wamva kuti yadutsa pa Dedza koma palibe waiona ndi maso. Mzere uja unali ndi malamulo ake, tcheyamani wake wodzisankha yekha, ndi nyumba ya malamulo yake imene imakumana pa boneti ya minibasi ina yoyera.

Ndinapeza nyumba ya malamuloyo itatentha. Mnyamata wa kabaza amawerenga pafoni mokweza: a Peter Mutharika 41 peresenti, a Lazarus Chakwera 31. Kafukufuku woyamba, amene anatuluka masabata angapo m'mbuyomo, ananena kuti 43 ndi 26. Ndiye aliyense anapeza pogwira. A DPP amati Adadi, kutanthauza a Mutharika, ali patsogolo, nkhani yatha. A Kongeresi amati taonani bwino, ife takwera ndi 5, iwowo atsika ndi 2, pofika pa 16 Seputembala tikhala titawapitirira. Kenako bambo wina wa imvi, mwini kapikiapu kakalekale, anaponda pa tayala kuti aoneke.

"Ine zaka zanga ndi 61. Chibadwire sindinaonepo munthu atabwera pakhomo panga kudzandifunsa amene ndidzamuvotere. Inu achimwene anakufunsanipo? Nanga inu? Ndiye anthu amenewa amawafunsira kuti, kumanda?"

Anthu anaseka chikhakhali. Bambo a kunyumba, m'malo modya nsima yawo mwakachetechete, anandiloza mbamu ili m'manja. "Afunseni mayi awa. Ntchito imeneyo anaigwirapo."

N'zoona, ndinaigwirapo. Osati ku IPOR ayi, koma ku kampani ina ya zofufuzafufuza imene imatilemba ganyu ya mwezi umodzi kapena iwiri, ndisanayambe geni yanga ya kaunjika ku Nsungwi. Ndinayendapo kafukufuku wa zaulimi, wa zaumoyo, ndi wina wa za ulamuliro amene anali ndi funso la voti chakumapeto. Choncho funso la bambo aja ndalimvapo kambirimbiri, ndipo si lopusa. Yankho lake ndi masamu basi. Bungwe ngati Afrobarometer likamachita kafukufuku m'Malawi muno nthawi zambiri limafunsa anthu 1,200. Amene analembetsa kuti avote mu 2025 anali pafupifupi 7.2 miliyoni. Gawani nokha: munthu mmodzi pa 6,000 alionse. Mutha kubadwa, kukula, kukwatira, kumera imvi, wofunsa mafunso asanaodirepo pakhomo panu, kafukufukuyo n'kukhala woona ndithu.

Amene amatiphunzitsa ntchitoyi ankakonda kunena kuti polawa mchere sumaliza mphika wonse wa ndiwo, bola uvundule kaye. Mtsikana wina wa ku Karonga m'kalasimo anafunsa kuti, "Nanga Malawi mumuvundula bwanji, poti nyemba zofiira zinakhala mbali yake, zoyera mbali yake?" Anali ndi mfundo. Kuno mavoti amatsata zigawo, ndipo ukafunsa ku Thyolo kokha kapena ku Dowa kokha ubwerako ndi bodza lamkunkhuniza. Kuvundula kwakeko ndi kumene anthu saona. Madera amasankhidwa ku ofesi mwa mayere, kuchokera pa mapu a kalembera wa anthu, ndipo chigawo chilichonse chimalandira mafunso molingana ndi kuchuluka kwa anthu ake. Tikafika m'mudzi timayamba talonjera a mfumu. Mayesero oyamba amakhala pomwepo, chifukwa a mfumu ambiri amati, "Khalani pompano, ndikuitanireni anthu anga odziwa kuyankha bwino." Timakana mwaulemu. Timapita pamalo amene tauzidwa kuyambirapo, kaya ndi pa mjigo kaya pa tchalitchi, anayife n'kufulatirana, wina kum'mawa, wina kumadzulo, wina kumpoto, wina kummwera, n'kumawerenga nyumba. Ukafika pa nyumba ya nambala imene wauzidwa, umalemba akuluakulu a pakhomopo n'kuchita mayere. Khomo ili mwamuna, lotsatira mkazi. Mayere akagwera mayi amene wapita kudimba, umadikira kapena kubweranso madzulo, ngakhale mwamuna wake akhale pakhonde pomwepo atavala kale jekete, mayankho ali kukamwa.

Zonsezi ndinawafotokozera anthu a pamzere, ena n'kumavomera ndi mutu. Chimene sindinawauze, ndipo chimene ndinayenera kudzikumbutsa ine mwini wakene, ndi nkhani ya agogo ena a ku Mchinji.

Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza m'lichero. Mayere anagwera iwo, ndipo anatuma mdzukulu kuti andiyalire mphasa. Mafunso athu amatenga pafupifupi ola lathunthu, koma agogowa anayankha osabisa mawu. Chaka chathachi mwagonapo ndi njala kangati? Kosawerengeka. Kuchipatala mankhwala mumawapeza? Anaseka, amvekere panado yemweyo amakulembera kuti ukagule kugolosale. Za phungu wawo anati adamuona komaliza tsiku limene adabwera kudzapempha mavoti, ndipo anafotokoza ndi mtundu wa galimoto womwe. Ine mumtima ndinati lero ndapeza munthu womasuka. Ndiye ndinafika pa funso lija: chisankho cha pulezidenti chitachitika mawa, mungavotere wa chipani chiti?

Manja anaima. Mtedza umodzi unatsala pakati pa zala, wosaswa. Anayang'ana tabuleti imene inali pamwendo panga.

"Kanthu kanuko kamamva?"

"Ayi agogo, sikakujambula mawu. Ndikungolemba. Dzina lanu silipita kulikonse."

"Nanga bwanji mudayamba mwapita kwa a mfumu?"

"Kukalonjera chabe, agogo."

Anakhala duu kanthawi, kenako anauswa mtedza uja. "Mwana wanga, zimenezo sindidaziganizire. Tidzaona konko."

Ndinadina pa "sakudziwa". Funso lomaliza linali lakuti, mukuganiza kuti watituma ndani? Ngakhale ndinali nditawauza poyambirira paja kuti sitichokera ku boma kapena ku chipani chilichonse, anayankha mosajejema: "Boma." Nditaika tabuleti m'chikwama, anandithirira mtedza m'kajumbo ka shuga n'kundiperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa kumsewu. Pamenepo, atacheuka uku ndi uku, anandiuza dzina la munthu amene adzamuvotere, zifukwa zake zitatu, amene adamuvotera ulendo wathawo, ndi mmene munthuyo adawagwiritsira fuwa lamoto. Anali atasankha kalekale. Anamaliza ndi mawu akuti, "Koma dzina langa lili pa makuponi a fetereza, ndiye musakandinenere."

Yankho lawo sindikanatha kulisintha. Lamulo la ntchito ndi lakuti umalemba zimene munthu wanena pofunsidwa, osati za pansi pa mango.

Agogo ngati amenewa anakula nthawi imene wopanda kadi ya chipani samalowa mumsika kapena kukwera basi, ndipo mawu olankhula pa mowa amatha kukugonetsa ku Mikuyu. Pa 14 Juni 1993, pa riferendamu ya nyali ndi tambala, anthu ambiri amene ankavina pamisonkhano ya Kamuzu analowa m'kachipinda kovotera n'kusankha nyali, mpaka pafupifupi awiri mwa atatu alionse anati akufuna zipani zambiri. Luso limenelo, lovina kwina n'kukavota kwina, silinafe. Achinyamata amene kadi sanaione nawonso ali ndi zoopa zawo: dzina pa mndandanda wa fetereza wotsika mtengo, Mtukula Pakhomo, ngongole ya boma yochitira bizinesi, benchi mumsika, ntchito ya m'boma. Mlendo wovala bwino, wonyamula tabuleti, wotsika m'galimoto yoyera yaikulu, amaoneka ngati boma ngakhale alumbire motani. Ndiye amene ali mbali ya olamula amayankha mokweza, anthu a nyumba yoyandikana amve. Amene wakwiya nawo amayamba waona kumene mphepo ikulowera.

Zimenezi ndimazidziwa bwinobwino. Koma usiku uja, anthu atandizungulira ngati katswiri wa pa wailesi, mutu unakula. Ndinati, "Kafukufukuyu ndi woona, koma taonani, palibe wafika 50. Lamulo pano likuti wopambana apeze mavoti oposa theka. Konzekani, tidzavota kawiri." Lamulo limenelo linabwera ndi chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu anafafaniza chisankho cha Tipp-Ex chija cha 2019, chimene a Mutharika anatenga ndi 38.6 peresenti yokha. Ndipo sindinali ndekha, ambiri othirira ndemanga pa ndale amanenanso za chisankho chachibwereza. Alamu anga, ang'ono awo a bambo a kunyumba, anali pamzere womwewo ndi njinga yawo yamoto. Anati, "Alamu, masamu anuwo ndi a m'kalasi. Adadi akutenga kamodzin'kamodzi. Tibetcherane tambala." Tinagwirana chanza anthu akuona, ndipo tcheyamani wa mzere anakhala mboni.

Masabata omwewo analinso a mtsutso wa ofuna upulezidenti, umene ambirife timangoti dibeti. Ine dibeti ndimaikonda, ndisaname. Ya 2019 ndinaitsatira bwino, pamene a Chakwera, malemu a Saulos Chilima ndi a Atupele Muluzi anaima pamodzi kupanikizana, a Mutharika osabwera. Mu 2014, pamene mwambowu umayamba kumene m'dziko muno, amene sanabwere anali mayi Joyce Banda, ali pampando. Mpando uja ukuoneka kuti umatuluka ulimbo usiku wa dibeti. Koma 2025 inaposa zonse. Pa anthu 17 opikisana, awiri amene ndi mwana yemwe amadziwa kuti mmodzi wa iwo ndiye atenge boma, onse sanapite. Ku BICC, holo ya misonkhano ya ku Lilongwe, kunaima a Dalitso Kabambe a UTM, a Atupele a UDF ndi mayi Banda a PP.

Kwathu magetsi anazima dibeti itangoyamba, ndiye tinamvera pa kawailesi ka mabatire, titakhala pakhonde ndi apongozi anga aamuna amene anabwera kuchokera ku Dowa kudzaonetsa maso kuchipatala. Apongoziwa ndi a Kongeresi chibadwire, moti tambala akalira m'mawa amamva ngati wawapatsa moni. A Kabambe, amene anakhalapo gavanala wa Reserve Bank, amalankhula za ndalama zakunja ndi ngongole za boma, manambala ali mbwee. Apongozi anamvetsera mpaka pakati, chibwano chili pa ndodo.

"Mwanayu sukulu adapita," anatero. "Koma akulankhula ndi yani?"

"Ndi ife ovota, bambo."

"Iyayi mayi. Mlandu wa mbuzi yodya chimanga sazenga mwini mbuzi ndi mwini munda onse kulibe."

Anadzuka n'kukagona. Zinandiwawa chifukwa sananame. Ine ndinali ndi mafunso anga amene ndimafuna kuwamva akuyankhidwa pagulu. A Chakwera ndimafuna wina awafunse za ntchito 1 miliyoni ndi kudya katatu patsiku zimene analonjeza mu 2020, kumene kunathera fetereza wa K4,495 uja, ndi chifukwa chake kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 koma madola osapezekabe. Akanatchula namondwe Freddy, chilala, nkhondo ya ku Ukraine, ndipo zina mwa zimenezo n'zomveka, koma ndimafuna azitchule wina ataima pambali pawo kudikira kuwatsutsa. A Mutharika ndimafuna afunsidwe za Tipp-Ex, za mdima wa magetsi wa m'nthawi yawo, za makadeti, ndi za zaka zawo 85, poti misonkhano yawo inali yowerengeka ndipo manong'onong'o a thanzi lawo anali ponseponse. Pamsonkhano wa chipani palibe amakufunsa funso, umangoti "Boma!" anthu n'kuyankha. Akuluakulu awiriwa anawerengera n'kuona kuti kusapita sikuwaluzitsa kanthu, ndipo chondinyansa n'chakuti anawerengera bwino. Atatu amene anadzivutitsa kupita aja, mavoti awo onse kuwaphatikiza sanafike 8 peresenti.

Dibeti yeniyeni imachitikira kwina. M'minibasi, kondakitala akangotchula mtengo watsopano. Pamaliro, azibambo akakhala pansi pa mtengo kudikira adzukulu. Pa benchi yanga, pamene mayi wanyamula kadiresi ka mwana, waliyeza ndi maso, wafunsa mtengo, n'kulibwezera pamulu pang'onopang'ono osanena kanthu. Ife a kaunjika tinali titayenda kale mpaka ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale chaka chomwecho, kudandaula mtengo wa mabelo umene umakwera sabata ndi sabata. Belo imene kale ndimaoda ndekha tinayamba kusonkherana anthu atatu n'kugawana. Koma ngakhale pakati pathu a pamsika, amene tinayenda limodzi padzuwa tsiku lija, ukafunsa mnzako kuti ndiye uvotera ndani, ambiri amangoti, "Aaa, onsewa ndi amodzi," n'kuyamba kupinda malaya.

Kumene kunalibe manyazi ndi pa gulu lathu la banja pa WhatsApp. Tsiku lililonse kumabwera "kafukufuku" watsopano: chithunzi cha mizati yamitundumitundu, wina 68, wina 19, popanda dzina la amene anafunsa, kumene anafunsa, kapena anthu angati. Ena anali mavoti a pa Facebook, kumene mnyamata mmodzi wa maakaunti atatu amavota katatu, pomwe agogo a ku Mchinji aja alibe ndi foni ya mabatani yomwe. Kafukufuku akasowa kumabwera zithunzi za misonkhano zojambulidwa m'mwamba: taonani nyanja ya anthu, kafukufuku woposa uyu ndi uti? Ine ndikaona nyanja zimenezo ndimakumbuka amayi anga ku Ntcheu. Msonkhano uliwonse umene lole yabwera kudzatenga anthu, iwo amakwera. Ali ndi nsalu yabuluu, yachikasu, yofiira, ndi ya tambala yomwe. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso zokopera mavoti, koma nsalu ndi matisheti a chipani silinaletse, ndiye amayi amati bola zimenezo. Ina amaberekera mdzukulu, ina amavundikira ufa pa mphasa, ina inasanduka katani ya kubafa. Nditawafunsa kuti nanga mtima wanu uli pa nsalu iti, anati, "Iwe, nsalu imalowa m'bokosi?"

Msuweni wanga wina wa ku Blantyre, amene mu 2020 anali wa mgwirizano wa Tonse wotentha, analemba ndime yaitali yoti a IPOR agulidwa, ndi anthu a ku Zomba, tonse tikudziwa kumene mtima wawo uli. Mng'ono wanga, amene safufuta kanthu m'foni mwake, anakumba mpaka anapeza uthenga wa msuweni yemweyo wa mu 2020, pamene bungwe lomweli linati a Chakwera ali patsogolo. Nthawi imeneyo analemba kuti awa ndi akatswiri, sayansi sinama, ndipo amene amalira kuti agulidwa anali a DPP. A Chakwera anapambanadi ndi 58.6 peresenti pa 23 Juni. Mng'ono wanga anangoika mauthenga awiriwo mogundizana, osawonjezera liwu. Msuweni anatuluka pagulu, mpaka amalume anachita kumuimbira foni kuti abwerere. Nyimbo imeneyi ndi yakale. Mu 2014 Afrobarometer itaika mayi Banda pa nambala 3, otsatira awo anati ndi bodza la otsutsa. Anathera pa nambala 3 pomwepo, ndi mavoti 20 pa 100 alionse.

Kampeni inatsekedwa pa 14 Seputembala m'mawa, ndipo mwadzidzidzi magalimoto a zimkuzamawu aja anati zii. Lachiwiri pa 16 ndinadzuka mdima ulipo, ndinapeza mzere pa sukulu wafika kale kumpanda. Mizere tinali titaizolowera, wa petulo, wa shuga, koma uwu unali wachilendo chifukwa munalibe phokoso. Palibe amakangana, palibe nyumba ya malamulo. Mayi amene anali patsogolo panga, mwana kumsana, anangonditembenukira kamodzi n'kunena kuti, "Lero ndi lero." Sindinadziwe kuti ali mbali iti, ndipo mpaka pano sindikudziwa. Tinalandira mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, tinadetsedwa chala ndi inki, n'kubwerera kunyumba.

Kenako masiku asanu ndi atatu odikira. Manambala osatsimikizika amayenda pa mafoni usiku ndi usana, mbali zonse ziwiri zikuti zapambana, ife n'kumagona wailesi ili kukhutu. Pofika Lachisanu ndinayamba kuona kuti tambala wanga ali pangozi, koma ndimadzilimbitsa mtima kuti maboma akuluakulu a pakati sanalowe onse. Pa 24 Seputembala masana a Chakwera analankhula ku mtundu wa Amalawi, kuvomereza kuti agonja ndi kunena kuti awaimbira kale foni a Mutharika. Pamenepo ndiwayamikire, chifukwa mawu amenewo anapangitsa kuti tigone mwamtendere. Madzulo ake wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC, Justice Annabel Mtalimanja, anawerenga zotsatira: a Mutharika mavoti oposa 3 miliyoni, 56.8 peresenti, a Chakwera pafupifupi 1.8 miliyoni, 33 peresenti. A Kabambe pafupifupi 4. Zachibwereza panalibe.

Usiku umenewo ndinatenga cholembera ndi kope la ngongole za makasitomala, n'kulemba manambala kuchikuto. A Chakwera: kafukufuku 31, bokosi 33. Kusiyana kwa 2 kokha, kumene wofufuza aliyense amakuuziratu kuti kungakhalepo. A Mutharika: kafukufuku 41, bokosi pafupifupi 57. Mavoti 16 pa 100 alionse amenewa anachokera kuti? Mukachotsa 41 ndi 31 pa 100 pamatsala 28, ndipo mmenemo ndi mmene munali a zipani zing'onozing'ono, amene anati sanasankhe, ndi amene anakana kuyankha. Ena a zipani zing'onozing'ono, ndikuganiza, atafika m'kachipinda kaja anakumbuka kuti mapanga awiri avumbwitsa, n'kuponya kumene akuona kuti kugwetsa boma kapena kulisunga. Koma gulu lalikulu linapita mbali imodzi, ndipo gulu lotere silisankha m'mawa wa tsiku lovota.

A IPOR sanalakwitse. Ananena amene ali patsogolo, ananena molondola kukula kwa mbali ya boma, ndipo amene sanayankhe anawalemba kuti sanayankhe, monga mmene ine ndinadinira "sakudziwa" pa khonde la ku Mchinji. Wolakwitsa ndinali ine, powerenga. Ndinatenga anthu 28 aja n'kuwagawa pakati mwachilungamo ngati ndikugawa nyama ya pa Khirisimasi, kuiwala kuti pulezidenti amene wakhala pampando zaka zisanu palibe amene samudziwa. Munthu amene wagona m'galimoto masiku awiri kudikira petulo, kapena wabwezera kadiresi ka mwana pamulu, akakuuza kuti sanaganizire, si kuti mutu wake uli mbee. Wangoona tabuleti. Nambala ya olamula inali pafupi ndi denga lake, chifukwa owakonda analibe chowaletsa kunena. Nambala ya otsutsa inali poyambira chabe. Alamu anga, amene sukulu analekera Fomu 2 ndipo sanagwirepo tabuleti ya kafukufuku, amanyamula anthu makumi awiri patsiku kumsana kwawo, ndipo munthu akakhala pa kabaza, mphepo ikuwomba, nkhope ya woyendetsa osaiona, amalankhula ngati ali pansi pa mango.

Ndinawafunsa bambo a kunyumba, amene masabata onsewo sananene mbali yawo ngakhale pa boneti paja, kuti nanga inu munachonga pati. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi, mwabwera ndi tabuleti kapena mwabwera nokha?" Ndinati ndabwera ndekha. Anati ndiye adzandiuza tikadzakalamba.

Loweruka alamu anafika m'mamawa, hutala ili pakamwa kuyambira kumsewu. Ndinali nditagula kale nkhuku yoyera ya chizungu, yonenepa bwino. Anaiyang'ana ngati ndawapatsa khwangwala.

"Alamu, tinapangana tambala."

"Nyama ndi imodzimodzi, alamu."

"Ayi. Tambala, wachikuda, ndipo akhale wakuda. Mboni zilipo."

Ndinazungulira msika wonse wa Nsungwi, ndinafika mpaka kwa ogulitsa nkhuku a m'mbali mwa msewu wa ku Kanengo. Ofiira analipo, amawangamawanga analipo, koma wakuda sabata imeneyo amasowa ngati petulo, ndipo mnyamata wina anandiuza mosabisa kuti amene ali naye akumugulitsa mtengo wa mbuzi. Nkhaniyi inamveka mpaka ku Dowa. Apongozi aamuna atamva anati zachibwana zimenezo asazimvenso, ndipo sabata yonse wailesi yawo sinatsegulidwe.

Lachitatu lotsatira kondakitala wa minibasi ya ku Dowa anandiimbira kuti ndikalandire katundu pa siteji. Linali dengu lomangidwa ndi luzi, pamwamba atavundikira nsalu ya chipani yothaitha, m'kati muli tambala wakuda bii, wa lipombo lofiira, miyendo yomanga. Anatumiza ndi apongozi aakazi, mayi amene pa zaka 11 zimene ndakhala pabanjapo sindinawamvepo akutchula dzina la wandale aliyense, amene amuna awo akamakamba za Kongeresi amangopitiriza kusankha nyemba. Ndinawaimbira kuti ndiwathokoze ndi kufunsa mtengo wake kuti nditumize pa foni.

"Musatumize kanthu mayi," anatero. "Ameneyo amangondisokosera m'mawa."